Anatitengera kumanda kuti tikasangalale

Chaka chimene ntchito zomanga zinaima, amuna ambiri akwathu okhala ku Crumlin, ku Ireland, tinkangokhala m'nyumba. Wansembe wa parishi yathu, mzungu amene anakhalako ku Mzuzu, anati tikuola. Anapeza basi yoti tikaone malo akale kumapiri a Wicklow. Ine sindinafune. Mkazi wanga anati tipite. Anali ndi pakati, ndipo mimba yoyamba inali itapita padera.

Titatsika tinaona nsanja yaitali ya miyala ndi matchalitchi opanda denga. Pachipata ndinasuzumira. Mitanda. Manda okhaokha. Anthu ankaponda pamitumbira, ena atakhala paziliza akudya masangweji.

Ndinagwira mkazi wanga pamkono. "Inu simulowa."

Mlamu wanga, mchimwene wake, anali atatulutsa kale kamera. "Alamu, musatichititse manyazi. Awa ndi azungu, anafa kalekale. Miyambo yanuyo saidziwa."

"Wakufa kalekale si munthu?"

"Chithunzi chimodzi basi, kumudzi aone kuti tikuyenda."

"Mayi anu aone mwana wawo wapakati ataima pamanda?"

Iye analowabe.

Wansembe anabwera akumwetulira. Anati amene anagona pamenepo ndi oyera mtima, malowo ndi odalitsika.

"Abambo, kwathu munakhalako," ndinatero. "Munaonapo mayi woyembekezera kumanda? Munaonapo munthu akudyera pachiliza?"

"Kuno ndi ku Ireland," anatero.

"Mimbayi ndi ya kwathu."

Anandisiya.

Mkazi wanga anakwiya. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyang'ana nkhope yanu m'nyumba muja. Lero ndatulukako, mukundiimika pachipata ngati mbuzi."

Sindinamusiye mkono.

Dalaivala anali atakhoma basi n'kupita kokamwa tiyi. Mvula inayamba. Ndinafunditsa mkazi wanga jekete langa, tinakhala pakhoma kunja.

Anzathu anabwerera akuseka, akuonetsana zithunzi. Palibe anasamba m'manja, chonsecho mtsinje unali pomwepo. M'basi anayamba kugawana mandasi. Nditaona akupatsira mkazi wanga, ndinabweza mbaleyo. Mayi wina anati ndine wachikunja. Ndinamuuza kuti adye yekha.

Mwana anabadwa nyengo yozizira, wamkazi, akulira mokweza. Mlamu anabwera kuchipatala, namunyamula.

"Mwaona, alamu? Munkangovutika. Palibe chachitika."

"Chifukwa sanalowe," ndinatero. "Bweretsani mwana wanga."