Thadzi lomwe linandisankhira sukulu

Nditamaliza digiri yoyamba ya zoimbaimba, abale anga ku Nsaru anapumira m'mwamba poganiza kuti misala yatha, tsopano ndiyamba ntchito ngati anthu. Nditawauza kuti ndikufuna digiri yachiwiri ya zomwezo, malume anafunsa ngati nyimbo zake n'zosatha.

Chida changa chinali tuba, lipenga lalikulu lija munthu amachita kulifukata poliza, kukamwa kwake kotakata ngati beseni. Makondakitala a minibasi ankalitcha mkazi wanga, ndipo ndikaliza pakhomo agalu a m'mudzi monse ankayankha.

Sukulu zinali ziwiri. Ina inali ku Ulaya, ya akatswiri a malipenga, ndipo inkafuna ndidzijambule ndikuliza n'kutumiza tsiku lawo lisanadutse. Ina inali ku Joni, yofufuza za nyimbo, lipenga lili lapambali chabe. Iyo inkangofuna zolemba. Mtima wanga wonse unali ku Ulaya. Amayi anangofunsa ngati ku Ulayako basi imafika. Ndinaseka, n'kuwauza kuti n'kwa ndege. Iwo sanaseke.

Ndinapita m'tauni kukabwereka makina ojambulira kwa mnzanga, lipenga n'kulisiya chogona m'chipinda chosungiramo mtedza. Mnzangayo anandizungulitsa sabata yathunthu. Pobwerako ndinapeza thadzi lakuda la amayi lili phee m'lipenga, likufungatira mazira, likundiyang'ana ngati mlendo ndine.

Ndinapsa mtima. Nditatambasula dzanja, thadzilo linandijompha, amayi n'kutulukira pakhomo.

"Usalikhudze. Thadzi lofungatira ukalisuntha limanyanyala, mazira onse n'kusukusa."

Ndinawafotokozera za tsogolo langa, za tsiku lotsekera, za aphunzitsi otchuka a ku Ulaya. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati Ulaya sathawa koma mazira amazizira. Malume nawo anali mbali ya nkhuku. Anati chiyambire kuliona lipengalo, aka n'koyamba kugwira ntchito yooneka.

Ndinathamangira ku Namitete kwa anyamata ena a bandi, koma lipenga lawo linali lomangamanga ndi mphira, likulira ngati ng'ombe ya chimfine. Kunena zoona, ndikanatha kulitulutsa thadzilo amayi ali kudimba. Kawiri konse ndinafika pakhomo la chipindacho n'kubwerera. Ndinali ndi digiri, koma diso la amayi ndinkaliopabe.

Tsiku la ku Ulaya linadutsa. Anapiye anaswa onse, athanzi lawo, ine ndili ndwii pakhonde.

Potsuka lipengalo ndinatulutsa nthenga, zikamba za mazira ndi udzu. Pansi pa udzuwo panali kachitenje kakale ka amayi, kopindidwa bwinobwino kuti mkuwa usaziziritse mazira. Nkhuku za kwathu n'zochenjera, koma sindinaonepo yopinda nsalu. Ndinapita nako kwa amayi, amene ankaswa mtedza pamphasa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Thadzi linkasowa malo," anatero. Anaswa mtedza wina, n'kuwonjezera: "Ku Joni basi imafika. Ndikadzadwala udzandipeza ndikupuma."

Ndinafuna kukalipa. M'malo mwake ndinakhala pamphasapo n'kuyamba kuswa nawo mtedza.

Ndinapita ku Joni. Kamba wa paulendo anali tambala wokazinga, mmodzi mwa anapiye a m'lipenga aja. Ndinamudya m'basi ndili wokwiyabe, misozi ili m'maso, mpaka kutafuna ndi mafupa omwe.