Chichewa Chimene Ndinaletsedwa m'Nyumba ya Akatalani

Ndinafika ku Dubai chuma cha kumeneko chitayamba kale kugwa. Ndinapita kukalera mwana wamkazi wa zaka ziwiri m'banja la azungu ochokera ku Kataloniya, chigawo cha dziko la Spain. Tsiku loyamba lomwelo, ndisanamasule n'komwe chikwama, madamu anandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kuwatchula kuti ndi Asipanishi. Anati iwo ndi Akatalani, ali ndi chilankhulo chawo ndi mbendera yawo, ndipo tsiku lina adzakhala dziko paokha. Ndinangovomera. Sindinkadziwa n'komwe kuti ku Ulaya kulinso mitundu yodandaula.

Tinkakhala ku Jumeirah Village Circle, kumene panthawiyo kunali mchenga wambiri kuposa nyumba. Bwana anali injiniya wa zomangamanga. Pa zenera la kukhitchini ndinkaona nyumba zosanja zosatha, makina onyamulira zitsulo atangoima m'mwamba mwezi ndi mwezi, popanda munthu wogwira ntchito. Bwana ankabwera madzulo n'kukhala pakhonde foni ili m'manja.

Lamulo la m'nyumbamo linali losavuta kumva. Makolo azilankhula ndi mwana Chikatalani, ine Chingerezi, ndipo Chisipanishi chisamveke. Madamu anandiphunzitsa mawu angapo a Chikatalani, a madzi, mkaka ndi tulo, ndipo ndikawatchula bwino ankawomba m'manja. Pachiyambi ndinkawalemekeza pa zimenezi. Mayi anga anali Alomwe a ku Phalombe, koma Chilomwe ankachilankhula ndi azichemwali awo okha, motsitsa mawu, chifukwa ali mtsikana ankasekedwa nacho. Ine ndinatola moni yekha. Choncho kuona mzimayi akumenyera nkhondo chilankhulo cha makolo ake m'chipululu cha eni kunkandikhudza mtima.

Koma munthu sungathe tsiku lonse ndi mwana ukumulankhula chilankhulo cha kusukulu chokha. Pomusambitsa, pomudyetsa, pomubereka kumsana ndi chitenje kuti agone, Chichewa chinkangotuluka chokha. Sindinakonze zomuphunzitsa. Patatha miyezi ingapo ndinangomva akundikoka siketi n'kunena kuti ndimunyamule, m'Chichewa chomveka bwino. Ndinaseka mpaka misozi. Kupatula Lachisanu, tsiku langa lopuma, pamene ndinkapita ku Al Muraqqabat kukacheza ndi mnzanga wa ku Chipata yemwe anali nesi, panalibe munthu wina wondilankhula m'chinenero chakwathu.

Kenako kunabwera bambo awo a madamu, mkulu wa imvi woyenda ndi ndodo. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka koma ankakonda kucheza, ndipo ankandipeza kukhitchini ndikusenda mbatata. Anandiuza kuti ali mwana, dziko lawo likulamulidwa ndi msilikali wankhanza, mphunzitsi anawamenya ndi lula m'zala chifukwa chopempha kupita kuchimbudzi m'Chikatalani. Anati ngakhale dzina lawo analisintha m'kaundula kuti limveke la Chisipanishi. Anandionetsa zalazo ngati kuti zipsera zikuonekabe. Nanenso ndinawauza kuti kusekondale kwathu ankakuveka chikwangwani m'khosi ukagwidwa ukulankhula Chichewa, n'kukakutchetchetsa udzu. Anapukusa mutu n'kunena kuti anthu ankhanza amafanana kulikonse.

Masana ena tonse tili patebulo, mwana anataya supuni n'kutembenukira kwa ine.

"Ndipatseni madzi," anatero.

Agogowo anafunsa kuti mwana wanena chiyani, ndipo nditawamasulira anaseka mokondwa. Madamu sanaseke. Mbale zitachotsedwa patebulo anandiitanira kuchipinda chochapira, n'kutseka chitseko. Anandifunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Anati mwana ali kale ndi zilankhulo ziwiri, chachitatu chimusokoneza mutu, ndipo Chikatalani ndi chimene chingavutike chifukwa n'chosalimba kunja kuno. Ndinayankha kuti ndi timawu tochepa chabe, ndiponso kuti ana kwathu amakula ndi zilankhulo zitatu popanda vuto.

"Tinakulemba ntchito chifukwa cha Chingerezi chako," anatero. "Chinacho adzachigwiritsa ntchito kuti? Ndani amachilankhula?"

Ndinafuna kuwauza kuti funso limenelo ndi lomwe mphunzitsi wa bambo awo ankafunsa.  Koma pasipoti yanga inali m'dirowa ya kuchipinda kwawo, ndipo chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali m'dzina la bwana. Ndinati pepani madamu, sizichitikanso.

Kuyambira tsikulo ndinatseka pakamwa. Mwana akandilankhula m'Chichewa ndinkamuyankha m'Chingerezi. Ankandiyang'ana modabwa, n'kubwereza mokweza, kuganiza kuti sindinamve. Ndinkapitiriza kupinda zovala. Zimenezi ndi zimene zimandipweteka mpaka lero, kuti ntchito yomuiwalitsa inagwiridwa ndi ine ndemwe. Agogo aja anamva zimene zinachitika. Ndinkayembekezera kuti alankhulapo, poti iwo ankazidziwa bwino. Anangosiya kubwera kukhitchini, ndipo tsiku lonyamuka anandigwira chanza maso ali pansi.

M'nyengo yotentha kwambiri ya chaka chotsatira, kunamveka kuti khoti lalikulu la ku Spain lachepetsa mphamvu zimene chigawo chawo chinapatsidwa, kuphatikizapo za chilankhulo. Anthu anadzaza misewu ya ku Barcelona, likulu la chigawocho. Madamu anaitana Akatalani anzawo amene anali asanachotsedwe ntchito kuti adzaonere limodzi pa kanema. Mbendera yawo, yachikasu ya mizere yofiira, ndinaisita ndine, n'kuipachika pabalaza. Ndinkazungulira ndi thireyi ya buledi wopaka tomato, iwo akuimba ataimirira, ena akulira. Mzimayi wina anandigwira dzanja n'kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana, kuti sindingamvetse ululu woletsedwa kulankhula chilankhulo cha mayi ako. Madamu anali pomwepo, akugwedeza mutu kuvomereza. Ndinamufunsa mzimayiyo ngati akufuna madzi oundana ena.

Lachisanu lotsatira ndinamufotokozera mnzanga wa ku Chipata uja. Iye sanadabwe. Anati khalas, mawu a Chiarabu otanthauza kuti zatha, ndiiwale, aliyense amalira maliro a kwawo. Ndinkadziwa kuti akunena zoona, komabe mkwiyo sunathe. Sindinkatsutsa zimene ankamenyera. Mpaka pano ndikamva za anthu a ku Kataloniya ndimaona kuti ali ndi mfundo. Chimene chinandiwawa n'chakuti madamu ankalidziwa bwino bala limeneli, n'kundibaya pomwepo osazindikira n'komwe kuti akubaya munthu.

Pasanathe miyezi itatu, kampani ya bwana inatseka. Madamu anandiuza Lolemba kuti akunyamuka Loweruka kubwerera kwawo. Ndinalongedza ndekha zidole, mabuku a Chikatalani ndi mbale m'makatoni. Mwana anali atasiyiratu Chichewa. Pokwera takisi anandikupatira miyendo n'kunditsanzika m'Chingerezi chabwino, ndipo madamu anamuyamikira.

Ndinakakhala kwa mnzanga ku Al Muraqqabat, ndikugona pa matiresi apansi, masiku a chilolezo changa akutha. Madamu anandisiyira kalata yoti ndizionetsa pofunafuna ntchito. Ndinaitsegula ndili m'basi. Inali ya mizere inayi. Analemba kuti ndine waukhondo, wokhulupirika, womvera malangizo, ndiponso kuti ndimalankhula Chingerezi chabwino kwambiri. Kalatayo inandipezera ntchito kwa banja lina sabata yachitatu, ndipo kumeneko ndinakhalako zaka zinayi.