Zuze wa pa Inshuwalansi

Laisensi yanga imati Fostino, dzina la msuweni wanga lomwe ndidabwereka kuti ndibwereze Sitandade 8 kwathu ku Nsanje. Nditagula kagalimoto kanga zaka zija za makhadi a chipani, pa inshuwalansi ndidalembetsa Zuze, dzina lomwe malemu amayi ankandiitana. Ndinkangofuna kuti lizioneka penapake.

Nditagundana ndi lole ku Limbe, a inshuwalansi adakana kulipira.

"Bambo, nanga Zuzeyu ndani?" adafunsa kalaliki.

Ndidamenya tebulo. "Mukundifunsa ine? Mudasokoneza ndinu, kulemba simutha."

Mwana wa eniake adapepesa kawiri, n'kufufuta dzina la Zuze ine ndikuona.

Galimoto adandikonzera. Koma mpaka lero wina akaitana Zuze mumsika, ndimacheuka ngati chitsiru, kumayembekezera kuti akunena ine.