Chigubu cha Amayi Kudenga

Ku komboni ya Kanyama, chaka chimene ndinali mu giredi faifi, tinadzuka m'mawa wina madzi a mvula ali m'akakolo, nsapato zikuyandama pakhomo. Madziwo ataphwa, amayi anapeza kuti chigubu chawo chachikasu chotungira madzi kumpopi palibe. Anali atachilemba ndi penti yofiira kuti BANA TISA, kutanthauza mayi a Tisa, poti Tisa ndine. Wina anawanong'oneza kuti anaona chofanana nacho kwa Bana Mwila, oyandikana nafe nyumba. Mawu amene anatuluka pakati pa amayi awiriwa tsikulo sindingawabwereze. Kuyambira pamenepo ine ndi mwana wawo Mwila, amene tinkagawana ngakhale chitumbuwa chimodzi, tinaletsedwa kulankhulana. Popita kusukulu tinkayenda wina tsidya lino la ngalande, wina tsidya linalo, tikungobana maso.

M'nyengo yozizira aphunzitsi anatitenga kukaona nyumba yosungiramo zojambula ndi zosema, kumayadi. Amayi anapita nafe kukathandiza kuyang'anira ana, atavala chitenge chawo cha kutchalitchi. Mu minibasi anandikhazika pamiyendo kuti ndisayandikire Mwila.

Kutsogolo kunali nyumba yakale ya nthawi ya atsamunda, ya njerwa zofiira ndi khonde lalitali. Pansi panali matabwa olira tikaponda, ndipo monse munkanunkhira polishi. Koma titadutsa kakhomo ka kumbuyo, tinangopezeka m'chinyumba chatsopano cha magalasi okhaokha, chomata pachipupa chakalecho. Munkawala ngati panja, komabe munali mozizira, mopanda fumbi. Mnyamata wina anagunda mphumi pagalasi poyesa kuti ndi potulukira, aphunzitsi n'kubisa kuseka ndi mpango.

Zojambula zambiri sitinazimvetse. China chinali mizere itatu basi, ndipo amayi anandinong'oneza kuti mwina penti inawathera eni ake. Kenaka mayi amene ankationetsa malowo anatiuza kuti tiyang'ane kumwamba. Kudenga kunali zigubu zambirimbiri zomangidwa ndi mawaya, zokhotakhota ngati mtsinje, dzuwa likuziwalira. Anafotokoza kuti mmisiri wake anazitola m'ngalande za m'makomboni madzi osefukira atachepa.

Amayi anaima njii. Pakati penipeni panali chigubu chophwanyika mbali imodzi, matope ataumira pachogwirira, zilembo zofiira zikuwerengeka bwinobwino.

"Chija chigubu ni changa," anatero motsitsa mawu.

Mayi uja anaganiza kuti akuchifuna, nayamba kupepesa kuti zopachikidwazo sizitsitsidwa, koma angathe kuitana akuluakulu. Amayi anapukusa mutu, n'kunena kuti achisiye. Anangofunsa ngati zinalidi zoona kuti zonse zinachokera m'ngalande. Mayiyo atawatsimikizira, amayi anatembenuka n'kupeza Mwila ali pambali pawo, nayenso maso ali kudenga.

Pobwerera, nditati ndikhale pamiyendo pawo, anandikankha pang'ono. "Yenda unkhale na munzako," anatero, akuyang'ana pawindo. Ine ndi Mwila tinapanikizana pampando umodzi. Nkhani zinali zitatichulukira moti tinasowa poyambira, tinangoseka za mnyamata wa mphumi yotupa uja.

Titafika, amayi sanalowe n'komwe m'nyumba. Analunjika kwa Bana Mwila, omwe ankasankha tinsomba ta kapenta pakhonde, nagwada pafumbi ndi chitenge chawo chabwinocho, anthu odutsa akuona. Anafotokoza zonse, n'kumaliza ndi kuti anawanamizira. Bana Mwila anapitiriza kusankha kapenta nthawi yaitali ndithu. Kenaka anawakokera kampando.

"Nkhalani apa, Bana Tisa. Manje imwe mwatchuka, zina yanu ili kumayadi."

Onse awiri anaseka, amayi akupukuta m'maso.

Chaka chatha ndinapitako ndi ana anga. Zigubu anazichotsa kalekale, ndipo anawo ankangodzijambula ndi foni pamagalasi. Mwila amakhala ku Matero, ndipo pamaliro a amayi ndiye anandigwira dzanja kumanda. Ku Kanyama madzi amalowabe m'nyumba, anthu amayambanabe, kungoti masiku ano timakangana pafoni, kupepesanso n'kwa pafoni, kamawu kamodzi munthu ali chigonere. Ana anga sanaonepo munthu wamkulu akugwada pafumbi, masanasana, kunena kwa mnzake kuti ndinalakwa. Ine ndinaona, ndipo anali amayi anga.