Ndinagwada Pakhomo la aNeba

Kulira kwa malipenga aja ndimakumvabe mpaka lero. Kunkayamba dzuwa likapendeka, sewero la Chisipanishi likamayamba, ndipo kunkandifika kawiri: kuchokera pa TV yathu, komanso kudzera m'khoma, kuchokera kwa aneba. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, titangosamuka kumene ku Ndirande kubwera ku Greenbelt, kutsidya kwa nyanja, masukulu atatseka.

Kutentha kwa kuno n'kwamwano, kumamata pakhungu ngakhale wangosamba kumene. Fulati yathu inali pamwamba, ndipo inkanunkha kapeti yakale ndi mankhwala a mphemvu. Amayi ankasamalira okalamba ku Springfield, ulendo wa basi ndi sitima, ndiye ankalawirira n'kubwera atatheratu. Lamulo lawo linali limodzi. "Tadala, usatuluke ndipo usatsegulire munthu. Akadziwa kuti ndimakusiya wekha, a boma adzakutenga."

TV ija anatipatsa ndi banja lina la ku Chipata lomwe tinkapemphera nalo. Eriyo yake inali yopindika, moti matchanelo a Chingerezi ankangoonetsa mchenga. Imodzi yokha, ya Chisipanishi, ndiyo inkaoneka bwino. M'mawa aneba ankatsegula wailesi, ndipo kanyimbo kotsatsa kanali komweko ka pa TV, ndiye ndinadziwa kuti wailesiyo ndi tchaneloyo mwini wake ndi mmodzi. Chilankhulocho sindinkamva ngakhale liwu, koma apongozi oipa mtima a m'sewero safuna womasulira. Ndinkangowaikira mawu anga m'Chichewa, ndipo ndinkawalalatira bwinobwino.

Anebawo ndinkangowaonera pawindo: mayi wamfupi, wa imvi zoluka, akukoka kangolo kogulira zinthu. Dzina lawo sindinalidziwe, ndinkangoti aNeba. Apongozi aja akatulukira, aNeba ankawakalipira mokweza. Zikaseketsa, ankaseka mpaka kutsokomola. Ndinakokera khushoni kukhoma, n'kumaonera nditatsamira pomwepo, msana ukumva kunjenjemera kwa TV yawo. Iwo akaseka, ine ndinkasekanso. Ndinali wosungulumwa koopsa, ndipo mnzanga yekhayo m'dziko lonselo anali munthu wosadziwa n'komwe kuti ndilipo.

Kenaka anayamba kuonetsa zidutswa za ukwati mobwerezabwereza, ndipo ndinazindikira kuti sewero likutha. Ku Ndirande mathero a sewero suonera wekha. Timadzazana m'nyumba ya amene ali ndi TV, ana pansi, akulu pamipando, ena pawindo. Mtima unakana. Ndinati lero lokha, lamulo la amayi lindikhululukire, ndikaonera ndi aNeba.

Ndinasamba, ndinadzola mafuta, ndinavala diresi ya kutchalitchi. Mandasi omwe amayi anandisiyira ndinawaika m'mbale n'kuvindikira ndi kansalu, poti kwa eni sapita chimanjamanja. Ndinatsegula chitseko chathu n'kutuluka. Mukhonde munali fungo la anyezi wokazinga, ndipo munalibe munthu.

Sindinagogode. Kwathu mwana samenya chitseko cha munthu wamkulu ngati wapolisi. Ndinachita monga anandiphunzitsira: ndinagwada pafupi ndi chitseko, ndinaika mbale pansi, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Odi."

TV yam'katimo inangoti zii. Ndinamva masilipasi akukhwekhwereza, ndipo mthunzi unaima pa mpata wa pansi pa chitseko. Ndinkamva ngakhale kupuma kwawo. Ndinaombanso m'manja.

"Odi kuno, amayi."

Chimene chinandiyankha ndi katcheni kotsekera chitseko, kakulowa m'malo mwake. Mthunzi uja unachoka pang'onopang'ono. Ndinagwadabe mpaka mawondo anachita dzanzi, malipenga akulira okha m'nyumba mwathu. Ukwati uja ndinauonera ndekha, khoma lili duu, ndikudya mandasi ozizira ndi misozi. Kuyambira tsiku limenelo aNeba ankatsitsa TV yawo, moti ngakhale ndigunditse khutu kukhoma ndinkangomva kung'ung'udza. Ndinatsimikiza mumtima kuti anandiyang'ana bwinobwino pa kabowo ka galasi ka pachitseko, anaona mwana wakuda wachilendo, n'kundikana. Masamba a mitengo atayamba kufiira, kunabwera galimoto ya katundu, ndipo aNeba anasamuka.

Lero ndine namwino, ndipo tchanelo yomwe ija odwala anga ena amaonera pafoni, kudzera pa intaneti. Malipenga akalira m'wodi, ndimafulumira kudutsa. Chaka chatha mwana wanga wamng'ono, pobwera kosewera, anandiitana ali panja pa chitseko. Ndinasuzumira pa kabowo ka galasi kaja, ndipo ndinangoona khonde lopanda munthu. Anali atakhala pansi, akuvula nsapato. Kabowo kaja sikaona za pansi.

Ndinaima pomwepo dzanja lili pa loko. ANeba sanaone mwana wakuda, sanaone diresi kapena mbale. Anaona khonde lopanda kanthu, mukumveka kuomba m'manja ndi mawu achilendo, ndipo mwina nawonso anali ndi lamulo lawo loti asatsegulire munthu. Zaka zonsezi ndinkawasungira mkwiyo mayi amene ndinawaopseza ndi ulemu wanga. Ndinali wamtali ndithu pa msinkhu umenewo. Ndikanangoimirira, akanandiona.