Sikirini Yachitatu ya Esinati

Ndinanyamuka kwathu kwa Kuntaja Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangotuluka, ndi katundu amene sanali wanga. Anali mabokosi atatu, awiri aakulu athyathyathya ndi limodzi laling'ono koma lolemera. Mwini wake anali mwana wanga Esinati, amene amakhala ku Lirangwe. Ntchito yake ndi yojambula makatuni ndi kukonza mavidiyo a maukwati, ndipo ankafuna kulumikiza kompyuta yatsopano ya masikirini atatu. Imodzi anali nayo kale. Ziwirizo pamodzi ndi zam'kati mwa kompyutayo anaitanitsa ku Joni, ndipo amene anabwera nazo pa ndege ndi Fulanki, mwana wa mlongo wanga. Iye anatsikira pa Chileka akuthamangira maliro ku Mwanza, choncho anazitula kwa ine poti ndili pafupi. Anati Esinati atuma munthu. Ine ndinati ayi, ndipita nazo ndekha.

Chifukwa chake ndichinene pompano. Esinati ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anali ndi kope limene anajambulamo kamunthu pa ngodya ya tsamba lililonse. Ukamatsegula masambawo mofulumira ndi chala, kamunthuko kankayenda, kutola khasu, n'kuyamba kulima. Anajambula teremu yonse. Ine nthawi imeneyo sindinkatha kulemba ngakhale dzina langa. Ndinaona kuti mwana akuwononga kope. Ndinamukwapula, ndipo masambawo ndinkapichira fodya iye akuona, tsiku ndi tsiku, mpaka kope linatha. Patapita chaka banja langa ndi amayi ake linatha pa zifukwa zina, iwo n'kubwerera kwawo ku Lirangwe ndi mwanayo. Kuyambira pamenepo timangokumana pa maliro. Amandipatsa moni wogwada, wa ulemu wonse, wonga umene munthu amapatsa mkulu wa mpingo wa eni ake. Sukulu ya kwacha ndinalowa imvi zitamera kale, ndipo tsiku limene ndinadzaza kope langa loyamba ndi dzanja langali m'pamene ndinadziwa chimene ndinasuta. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kupepesa, koma ndinkasowa poyambira. Mabokosi aja anandipatsa chifukwa chofikira pakhomo pake.

Pakhomo panga panabwera a Dayisoni, bambo wa kabaza ya njinga yamoto. Anati tiwaimike mabokosiwo pakati pa iwo ndi ine, ndiziwagwira ndi manja mpaka pa siteji. Ndinakana. Ine ndagulitsa makala pa njinga zaka makumi atatu, kuchoka kwa Kuntaja mpaka ku Chirimba, ndipo thumba langa silinagwepo pamsewu. Ndinagoneka bokosi lalikulu pa kaliyala wa njinga yawoyo, linzake pamwamba, laling'ono lolemera lija pamwamba penipeni. Kenako ndinatenga malegeni anga, mphira zodula ku chubu.

"Madala, amenewo si makala," anatero a Dayisoni.

"Inu mukuyamwa, ine n'kuti ndikumanga katundu," ndinawayankha.

Ndinaona kuti mabokosiwo akubonyoka mosavuta, chifukwa Fulanki anachotsamo zoyera zofewa zija kuti katundu amuchepere pa ndege. Ndinati ndiye afunika kugwira zolimba kuti zam'kati zisamagwedere. Ndinaponda ndi phazi, n'kukoka mphira ndi mphamvu zanga zonse, monga ndachitira moyo wanga wonse. Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Ndinati ndi kaliyala.

Pa Chileka tinafika cha m'ma seveni, ndinawapatsa a Dayisoni K2,000 yawo. Kondakitala wa minibasi atangoona mabokosi anatsegula kumbuyo, kumene kunali kale matumba a chinangwa.

"Ayi, awa sakhala kumeneko," ndinatero.

"Ndiye akhala pati, bigi? Pamutu panga?"

"Pampando."

"Mpando ndi wa munthu. Akakhala ngati munthu alipira ngati munthu."

Ndinalipira K1,000 yanga ndi K1,000 ya mabokosi. Mayi wina amene anafungata dengu la tomato anayang'ana mabokosiwo, kenako ine.

"Agogo, ma TV awiri? Muli pa mitala kodi?"

"Mmodzi yemweyo anandithawa, mayi."

"Ndiye mukufuna kumunyengerera ndi TV? Mwachedwa, pano timafuna foni."

Minibasi yonse inaseka, nanenso ndinaseka. Njira yonse mpaka kwa Kameza ndinaika mkono wanga pa mabokosi, ndipo pa bampu iliyonse ndinkawadzutsa pang'ono kuti asagunde.

Kwa Kameza ndinatsika hafu pasiti eyiti. Oitanira anandithamangira atatu, aliyense akukoka bokosi lake, mpaka ndinachita kukuwa ngati ndagwira mbava. Ndinakwera ya ku Lunzu. Pa Lunzu anatisinthitsa kutipatsa ina yopita ku Mdeka, imene inaima pafupifupi ola kudikira kuti idzaze. Fungo la anyezi la pamsika linkalowa pa windo. Ndinkafuna tiyi, koma sindikanasiya katundu, choncho ndinagula nthochi zitatu ndi mandasi awiri pa windo pomwepo. Pambali panga panakhala bambo wina wa jekete, amene anati anali mphunzitsi asanapume. Nditamuuza za katunduyo anapukusa mutu.

"Munthu maso ake ndi awiri, achimwene. Masikirini atatu aona bwanji?"

"Sindikudziwa."

"Mwana wanu, simudziwa ntchito yake?"

Ndinangotafuna mandasi. Tinadutsa Matindi ine ndikuyeseza mawu mumtima. Ndinkayamba ndi "mwana wanga," ndikuona kuti sakuyenera. Ndinkayamba ndi "kale kuja," ndikuona kuti akumveka ngati nthano.

Ku Lirangwe tinafika cha m'ma leveni. Pa siteji anandichingamira mkamwini wanga, a Chikopa, munthu wansangala amene amagulitsa mbewu ndi feteleza pamsika. Tinapatsana moni, iwo n'kunyamula mabokosi aakulu aja chilili m'khwapa, mosamala ngati magalasi a windo.

"Mwachita bwino kuwapatsa mpando, apongozi. Izi sitigoneka, timaziimika. Ukangodina pakati, basi zapita."

Ndinakumbukira kaphokoso kaja. Ndinawatsatira ndi bokosi laling'ono.

Esinati anatuluka, anagwada, anandifunsa za kumudzi ndi za mwendo wanga, koma maso ake anali pa mabokosi. Anati Loweruka akuyenera kupereka vidiyo ya ukwati, komanso ali ndi makatuni a bungwe lina ophunzitsa ana kusamba m'manja, ndipo kompyuta yake yakale imazima ikatentha. Ndinati ndingaone nawo polumikiza? Anati, "Lowani, ababa."

Chipinda chogwirira ntchito chinali chaching'ono, cha tebulo lalitali la mapulanga. Asanagwire kanthu anayamba wagwira chitsulo cha pa windo. Anati m'thupi la munthu mumakhala timagetsi timene timatha kuwotcha zipangizo. Anandipatsa sosala kuti ndisunge tisikuluwu, n'kundiuza kuti ndimuunikire ndi tochi ya foni. Anatulutsa bolodi lalikulu lokhala ndi timizere tambirimbiri, n'kuikapo kachitsulo kofanana ndi sitampa kukula kwake.

"Aka ndiye ubongo wake. Sitikankha ayi. Kakakhala bwino kamangolowa kokha."

Pamwamba pake anadonthezapo phala lotuwa, kadontho ngati njere ya nandolo, kuti kutentha kuzituluka bwino. Kenako anakhazikapo fani, n'kumamanga tisikuluwu modumphitsa, aka pang'ono, ka kutsidya pang'ono.

"Ikangogwira, basi," anatero. "Ukamanga kwambiri bolodi limasweka."

Ndinalozetsa tochi pambali, ndipo anandiuza kuti ndiunike bwino.

Analowetsa timapulanga tiwiri tating'ono timene anati timasunga zimene kompyuta ikugwira pa nthawiyo, kenako chipangizo cholemera ngati njerwa, chokhala ndi mafani akeake. Anati chimenecho ndicho chimajambula zithunzi, ndipo kumbuyo kwake n'kumene kumalowa mawaya a masikirini onse atatu. Ndinamufunsa funso la mphunzitsi uja. Anaseka, kuseka kwenikweni, kumene sindinakumve chichokereni kwathu.

"Pa iyi yakaleyi ndimaika zida zanga ndi zithunzi zosakonza. Pa yachiwiri ndimadula ndi kulumikiza, kuti mawu agwirizane ndi pakamwa. Yaikuluyo ndi yoonera mitundu. Yakaleyi imanama, ababa. Mwezi watha diresi la mkwatibwi linatuluka lachikasu, amayi ake anabwera kudzandilalatira pakhomo pano. Yaikuluyo ndiye ndaidikira zaka ziwiri."

Pa ola limenelo anandiyankhula mawu ochuluka kuposa onse amene anandiyankhulapo pa maliro aja kuwaphatikiza pamodzi. Ndinkafuna ntchitoyo isathe.

Nthawi itangopitirira wani koloko, a Chikopa anatulutsa masikirini m'mabokosi n'kuwaimika pa tebulo. Onse ankaoneka abwinobwino, akuda, osalala. Esinati analumikiza mawaya, anapuma mpweya, n'kudina batani. Mafani anazungulira. Yakale inayaka. Yachiwiri inayaka. Yaikulu inayakanso, koma pakati pake panali chibanga chakuda ngati inki yotayika, ndipo kuchokera pamenepo mizere yofiira ndi yobiriwira inatsika mpaka pansi. Mng'alu unali m'kati, pamene diso silikanauona isanayake.

Esinati anazimitsa, anasintha waya, anayatsanso. Chimodzimodzi. Anakhala pansi pa mpando, manja ali pa maondo.

"Andege awa!" anatero a Chikopa. "Amaponya katundu wa anthu ngati matumba a chimanga. Komanso Fulanki, angachotse bwanji zotetezera? Dikira ndimuimbire, amve."

Anatulutsa foni. Palibe amene ankayang'ana ine. Ndinali munthu amene analipirira mabokosi mpando, amene anakangana ndi oitanira kwa Kameza. Ndikanangokhala chete, Fulanki akanakana, a Chikopa akanalimbikira, nkhani ikanathera pa ndege, ine n'kudya chakudya cha masana ngati bambo wabwino. Ndikuvomera kuti ndinakhala chete mpaka foni inayamba kuitana.

"Dulani, apongozi. Musamuimbire Fulanki. Ndine."

Ndinafotokoza zonse, za kaliyala, za malegeni, za a Dayisoni amene anandichenjeza.

"Munaponda?" anafunsa Esinati, osandiyang'ana.

"Ndinaponda n'kukoka."

"Munamva kanthu?"

"Ndinamva. Ndinati ndi kaliyala."

"Ndiye mpando uja munalipirira chinthu chosweka kale," anatero a Chikopa. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mkazi wawo anasiya, n'kutuluka kukaona za chakudya.

Tinatsala awiri. Ndinaona kuti pakamwa panga patseguka kale, ndipo mwina sipadzatsegukanso.

"Esinati, palinso china. Cha kale, uli mwana."

Anakweza dzanja.

"Ndikuchidziwa chimene mukufuna kunena, ababa. Lero ayi. Lero ndamva chimodzi, sindingathe kumva ziwiri."

Anazula waya wa sikirini yaikulu, anaitsamiritsa kukhoma, n'kukokera ziwiri zotsalazo pafupi. Anayamba ntchito. Sanandiuze kuti ndituluke, choncho ndinakhala pomwepo ndi sosala yanga yopanda kanthu, ndikuona mkwati ndi mkwatibwi akuvina chobwerera m'mbuyo, kuima, kuvinanso. Pena ankatumiza chithunzi pa foni yake n'kuchiyerekeza ndi cha pa sikirini, kufuna kudziwa ngati diresi layera. Ntchito imene akanaiona ndi diso limodzi ankaichita katatu. Anatipatsa mpunga wa nyemba, koma Esinati sanadye nafe.

Cha m'ma fili ndinatsanzika. Ndinkayesa kuti andiperekeza ndi a Chikopa, koma amene anadzuka ndi Esinati. Tinayenda mpaka pamene kanjira kawo kamakumana ndi msewu. Pa siteji sanafike.

"Mukanati ndi andege, ndikanakhulupirira," anatero.

"Ndikudziwa."

"Katundu wanga musadzanyamulenso. Koma kubwera mutha kubwera. Muziyamba mwaimba."

Anabwerera mofulumira, poti Loweruka linali pafupi.

Pobwerera ndinalipira mpando umodzi wokha, ndipo manja anga ankasowa chogwira. Pa Lunzu panali podzaza anthu ochokera kumsika, kwa Kameza ndinadikira pang'ono, pa Chileka ndinafika dzuwa litapendeka. Sindinakwere kabaza. Ndinayenda wapansi mpaka kwathu, mwendo ukundipweteka.

Ndinapita ku Lirangwe kukakonza chimene ndinawononga kale, ndipo ndinakawononga china. Kawiri konse ndinali wotsimikiza kuti ndikudziwa chimene ndikuchita, ndipo kawiri konse sindinafunse mwini wake. Cholakwa cha m'mawa ndinachiulula masana a tsiku lomwelo, ndipo chinandipweteka, koma chinaneneka. Chakale chija ndinachisunga zaka zoposa makumi awiri ndikuyesa kuti tsiku lochinena ndidzasankha ndine. Tsopano ndadziwa kuti adzasankha ndi Esinati, ndipo alibe chifukwa chofulumirira. Ine zaka zanga zapitirira makumi asanu ndi awiri. Ndimangopempha kuti tsikulo lidzandipeze ndili moyo.