Basela la Tsamba Limodzi

Mumsika wa Mzuzu palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera mtengo. Ndinkanena zimenezi poyera pa benchi langa la mabuku akale, masiku amene yunivesite inali itangotsegulidwa, ku Nkhorongo anthu akulimbirana mapuloti. Ophunzira ankanditcha Pulofesa, ine osakana.

Ndiye kunabwera mayi wina wa imvi wochokera ku Scotland, wolemba za moyo wake komanso wokonza zolemba za ena zisanasindikizidwe. Ankatolera nkhani za anthu a mumzinda kuti zikhale buku. Atagula dikishonale yothothoka pa mtengo woyamba umene ndinatchula, ndinati mumtima, uyu ndi wofewa. Anandipempha kuti ndilembe za moyo wanga.

Ndinachita za pamsika: umayambira pamwamba kuti wogula akatsitsa usalire. Ndinalemba masamba makumi anayi a zodzitama, ndikudziwa kuti adula theka. Kumapeto ndinaponyapo basela, tsamba limodzi lonena mmene mayi anga ankayanikira mabuku anga a sukulu pa waya ku Salisbury Lines madzi atalowa m'nyumba, akuuzira tsamba lililonse, iwo osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo.

Mapepala anabwerako onse atakhwatchidwa ndi cholembera chofiira, kupatula basela lija.

"Mama, alowe masamba makumi awiri," ndinayamba motero.

"Limodzi."

"Khumi, womaliza. Ngakhale wogula tomato sachita nkhanza chonchi."

"Sindikugula pa sikelo, bambo. Apa pokha ndi pamene simukunditsatsa malonda."

Tsamba limenelo likanaulula kwa ophunzira onse kuti Pulofesa wawo ndi mwana wa mayi wosawerenga. Ndinanyamula mapepala anga n'kuchoka pang'onopang'ono, ngati wogula wodikira kuitanidwa. Ndinafika mpaka ku depoti. Sanandiitane.

Patatha sabata ndinabwerera, koma osati chogwada. Ndinati tsambalo lilowe, koma pamwamba pake pakhale chiganizo changa choyamba, choti palibe amene anandigonjetsapo. Mayi uja anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti chikhale, owerenga akaweruza okha.

Buku litatuluka, dzina la Pulofesa linazilala, ndipo sindinalitsatire. Ndinakawawerengera mayi anga tsambalo mokweza, chitseko chili chotsegula kuti a nyumba zoyandikana amve. Anati yewo chomene, koma waya uja unali wa aneba, ndikonze.

Masamba makumi anayi aja ndinakulungira makasitomala mabuku. Koma kudzitama kwanga kunasindikizidwa, ndipo mkonzi wa ku Scotland anakuvomereza ndi dzanja lake. Inu mukuti anapambana ndani?